Tsiku Limene Ndinaitanira Nguluwe ku Komiti

Amene akuti ndine wabodza aimirire pompano ndimuone nkhope, asamasekere kuseri kwa chipewa. Eee, inuyo a njinga yopanda mabuleki, ndakuonani. Munali kuti inu pamene ine Dinesi ndinkakhala m'komiti yolangiza boma la Nyasalande za kusaka nyama? Abambo anu nthawi imeneyo anali asanavalepo n'komwe kabudula. Siyani kaye bawoyo, njere sizithawa, mumve zimene maso angawa anaona. Ndikaonjezapo ngakhale pang'ono, mtengo wa mango takhala pansi pakewu chaka chino ubereke maungu.

Kwathu ndi konkuno ku Ulongwe, koma ndinakakwatira kwa Nsamala, chikamwini, m'mudzi wa Asilamu okhaokha, ine Mkatolika wa kolona m'khosi. Mukudabwa kuti anandilola bwanji? Anandilola chifukwa cha nguluwe. Anthu aja nguluwe sadya, saikhudza, ngakhale poitchula amayamba alavula kaye, ndiye nguluwe zinauzana kuti kumeneko kulibe mdani, nkusamuka m'madambo monse a Shire kudzaberekera m'minda mwawo, moti chimanga chikangoti chamera ndevu, m'mawa mwake ankapeza mapesi okhaokha. Ine ndinafika kumeneko ndi mkondo umodzi, nkupeza nguluwe zisanu ndi ziwiri zitafola mumzere umodzi zikudya, nkuponya, mkondo nkulowa pa yoyamba nkutulukira pa yomaliza, nkukhota pa chulu, nkubwerera m'dzanja langa ukutentha. Che Amidu, malume ake a mtsikana amene ndinkamufuna, omwenso anali mwini mbumba yonse, anaona ndi maso awo nkunena kuti, "Ameneyu ku mzikiti sapita, koma munda ausunga." Basi, ukwati unatheka. Lamulo lawo linali limodzi lokha, loti nyamayo ndizikaphikira tsidya la mtsinje, ndipo ndizisamba ndi phulusa ndisanalowe m'nyumba.

Mkaziyo anali Abiti Juma, wa mpata m'mano, wosachulutsa mawu. Ndinkamukonda, zimenezi ndiye sindibisa. Zaka zinayi nkhokwe yathu inkadzaza mpaka denga kukhala mopendekeka, ndipo m'mudzi monse palibe amene ankandikumbutsa kuti ndine wobwera.

Kenaka linabwera lamulo. Nkhondo yaikulu ya azungu ija inali itangotha kumene. Anafika amesenjala a zisoti zofiira, nkukwirira mbuna zanga zonse, nkutentha maukonde, nkunyamula mfuti yanga ya gogodela imene ndinkaithira onga ndi lichero, ati nyama zonse zam'tchire ndi za boma. Ndinawafunsa kuti nanga nguluwe? Mesenjala woyamba anati nguluwe iphani, imeneyo si nyama, ndi chirombo. Wachiwiri, amene anabwera mlungu wotsatira, anati musayerekeze, chilichonse cha miyendo inayi chimafuna chiphaso. Wachitatu anati mutha kuipha ikakhala m'munda mwanu, koma osati ndi mbuna, osati ndi ukonde, osati ndi agalu, osati ndi moto, ndipo ikangotulutsa mwendo kunja kwa malire, basi yabwerera m'manja mwa boma. Nditamufunsa za mkondo, anakanda m'mutu, nkuti akafunsa kaye kwa akuluakulu. Mpaka lero sanabwere ndi yankho.

Tsono mukumva? Lamulolo anthufe linatizunguza mutu, koma nguluwe zinalimvetsa tsiku lomwelo. Zinayamba kubwera dzuwa lili pamutu, nkuima miyendo yakumbuyo kunja kwa malire, mphuno ndi miyendo yakutsogolo m'munda, nkumadya zikundiyang'ana, ine mkondo m'manja, osadziwa kuti theka lakutsogololi ndi langa kapena nalonso ndi la Bwanamkubwa, ndipo ndikati ndisendere pafupi zinkabwerera phazi limodzi nkukhala zonse za boma, ndikatembenuka nkulowanso, ndipo ina yaikulu, ya dzino lothyoka, inkachita kugona chagada pamalire penipeni nkumandiyasamulira. Chinangwa chinatha. Mbatata zinatha. Chinatsala ndi chimanga cha kumunda wakumtunda, chitangoyamba kumene kukhwima.

Che Amidu anandiitana pakhonde pawo. Anati, "Akamwini, tinakutengani chifukwa cha liguluwe, osati chifukwa cha nkhope. Chimanga chija chikapanda kulowa m'nkhokwe, njira ya ku Ulongwe mukuidziwa." Paja amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Ndinayang'ana Abiti Juma, iye nkuyang'ana pansi, nkupitiriza kusankha nandolo wake. Ine ndinakumanapo ndi mkango maso ndi maso, mkangowo nkupepesa, koma tsiku limenelo ndinachita mantha enieni.

Masiku omwewo kunafika uthenga woti boma lakonza komiti ya anthu wamba yoti ililangize za nyama, ndipo kudera lathu lasankha Che Amidu chifukwa ankadziwika ndi malonda awo a nsalu, ndi ine chifukwa, chabwino, chifukwa chake mwachimva kale. Komiti nchiyani? Palibe ankadziwa. Ena anati ndi thangata la mtundu watsopano, ena anati ndi katemera wa nthomba, ena anati akufunanso asilikali. Tinanyamuka ulendo wa ku Balaka, ine nditasenza khasu poopa kuti mwina ndi ntchito ya msewu, Che Amidu atavala mkanjo wawo wa pa Idi poganiza kuti mwina nkujambulidwa, ndipo tinakapeza anzathu ena asanu ndi atatu ali khale m'shedi ya thonje pafupi ndi siteshoni ya sitima, poti nyengo yogula thonje inali isanakwane, wina atabwera ndi nkhuku, wina ndi mphasa ngati pangakhale kugona kundende, ndipo a Mateyu, mphunzitsi wa ku Chikweo, atabwera ndi buku la nyimbo.

Mzungu wake tinkamutchula Bwana Chisoti, chifukwa chisoti chake sankavula ngakhale posamba. Anakhala patebulo, kalaliki womasulira pambali pake, nkuyamba kuwerenga mayina a nyama. Ati izi nzosungidwa, izi nzophedwa ndi chiphaso, izi nzowononga, tsono inu mutilangize kuti iyi ipite mbali iti. Ine nditangomva zimenezo mutu wanga unatseguka, ndinati aaa, kani komiti ndi mlandu! Nanga pamene wina akunenedwa kuti ndi wakuba, ena nkumati aphedwe, ena nkumati asiyidwe, si mlandu umenewo? Ndinaimirira, nkuwomba m'manja, nkunena kuti, "Bwana, kwathu kuno mlandu sitigamula mwini wake palibe. Odandaula ndife, tabwera. Nanga woimbidwa mlanduyo ali kuti?" Shedi yonse inavomera, ngakhale Che Amidu anandigwedezera mutu koyamba chiyambire mvula. Maganizo anga anali oti nguluwe ikagamulidwa ikudzimvera yokha ndi makutu ake, sidzaimanso pamalire nkumabisala kumbuyo kwa lamulo. Kalaliki anamasulira, kaya anamasulira zotani, Bwana Chisoti nkuseka mpaka chisoti kugwedera, nkunena kuti chabwino kazitengeni, tikumanenso Lachisanu. Limenelo linali Lachiwiri.

Masiku awiri okha pakati, abale anga, dziko lonseli! Ndinachoka pa Balaka ndi liwiro loti chithunzithunzi changa chinatopa pa Ulongwe pompano nkukhala pansi pa mlambe uwo kundidikira, ine nkupitirira ndekha, nkufika pa Shire madzi atasefukira, nkugogoda pamadzi ndi mpini wa khasu nkuti odi, mvuu yaikulu nkutulutsa mutu, ine nkuiuza kuti Lachisanu ku Balaka ndipo isachedwe, nkuoloka ndikuponda pamisana ya ng'ona, imodzi nkundiluma chidendene mano ake onse nkugululuka, nchifukwa chake ng'ona za padoko limenelo mpaka lero zimangodya nthochi zakupsa, nkukwera mapiri a Chikala nkupeza anyani ali pamaliro, nkukhala nawo pansi nkupepesa, chifukwa munthu wolera bwino sapereka uthenga wa mlandu pasiwa asanapepese, nkutsikira ku Chikweo ndikutsata ndowe za njovu, nkuipeza ikudya chinangwa cha a Mateyu omwe aja, nkuigwira chitamba nkuiuza kuti mwini mundawu akukudikirani ku Balaka, nkudzera m'zigwa ndikuitana gwape, mbawala, ntchefu ndi nungu, aliyense pakhomo pake, aliyense ndi ulemu wake. Mkango sindinauitane. Unali ndi chimfine.

Pobwerera ndi pamene panavuta. Mvuu inakana kusambira. Inati yaitanidwa ndi boma, ndiye nayonso ikwera bwato lalikulu la padoko, lokoka ndi chingwe, ngati mlendo wina aliyense. Inakwera, njovu nkukwera, anyani nkudzaza m'mbalimu, bwato nkumira mpaka pansi, koma okoka chingwe aja, poti anali anthu okhulupirika pantchito, anapitiriza kukoka ali pansi pamadzi pomwepo, tonse nkumayenda m'matope tikupatsana moni ndi milamba, mpaka tinatulukira tsidya lino, ine nsomba zili m'matumba monse ndi nkhanu imodzi m'khutu. Inu a njinga, mwatsegula pakamwa, mukufuna kunena chiyani? Munalipo? Tsekani.

Nguluwe ndinaziitana pomaliza, pamalire a munda wanga womwe. Ya dzino lothyoka ija inandiyang'ana nthawi yaitali, nkufwenthera, nkudzuka. Chinguluwe ndimachimva pang'ono, monga momwe ndimamvera Chilomwe. Inati ibwera kudzaimira abale ake onse, chifukwa nayonso ili ndi madandaulo pa ine. Ndinadutsa kunyumba osakhala pansi, nkungomuuza Abiti Juma kuti alimbe mtima, ndikubwera ndi lamulo lomveka.

Lachisanu m'mawa tinalowa mu Balaka. Amwenye anatseka masitolo, amayi anataya mitsuko, ndipo sitima imene inkachokera kumwera itaona chigulucho inatembenuka panjanji pomwepo nkubwerera kumene inachokera, utsi uli patsogolo. Njovu pakhomo la shedi sinakwane, ndiye inangokweza malata a mbali imodzi nkulowetsa mutu. Mvuu inagona pakhomo. Anyani anathamangira mabenchi, ife a komiti enieni nkukhala pansi. Nguluwe ya dzino lothyoka inalowa pang'onopang'ono ngati mwini malo, nkuyang'ana uku ndi uku, ndipo pa malo onse a m'shedi muja inasankha kukakhala pambali pa Che Amidu. Munthu wamkulu uja anakuwa kuti, "Asitafurulahi!" nkulumphira patebulo la Bwana, kuchoka patebulo nkugwira mtanda wa denga ndi manja onse awiri, nkulendewera pamenepo, mkanjo uli petupetu, nkulumbira kuti satsika mpaka chinthucho chitatuluka. Koma chikanatuluka bwanji, poti mlandu unali wake? A Mateyu anati titsegule ndi pemphero, anyani nkutsinzina diso limodzi, linalo lili pa nthochi za kalaliki.

Ndinayamba ndine. Ndinayankhula kuyambira mame asanakamuke mpaka dzuwa kufika paliwombo, ndinayambira pa chinangwa, nkudzera pa mbatata, nkufika pa chimanga, nkutchula phesi lililonse ndi tsiku limene linagwa, moti ntchefu inagwetsa misozi. Kenaka inayankha nguluwe, ine ndemwe ndikumasulira, chifukwa kalaliki chinenerocho sankachidziwa, ndiye tangoganizani, munthu kudzineneza wekha ndi pakamwa pako! Inati pamene pali munda wathupo panali thengo la agogo ake, inati ndinapha amalume ake asanu ndi awiri tsiku limodzi osatumiza ngakhale uthenga wa maliro, inati mbuna zanga zinathyola mwendo mlamu wake. A Mateyu, munthu amene njovu inamudyera chinangwa, anayamba kusisima nkumati nzoona, tachimwa. Anyani anapereka umboni wokomera nguluwe, kenaka wokomera ine, kenaka anayamba mlandu wawo wina ndi mbawala. Mvuu inati iyo sikudziwa chimene yaitanidwira. Wa nkhuku uja anati nayenso sakudziwa. Pensulo ya kalaliki inatha, nkuzula munga wa nungu nkumalembera, nungu nkudandaula kuti nayo yaberedwa pamaso pa boma, ndipo pena pake ine ndinangopezeka ndagwada ndikupepesa gwape pa nkhani imene mpaka lero sindiikumbuka. Pofika chakumadzulo palibe ankadziwa kuti wodandaula ndani, wodandaulidwa ndani. Koma kwathu mlandu umayenda choncho, umapota kaye usanawongoke, ndipo akanatisiya masiku ena atatu okha tikanaumaliza bwinobwino.

Bwana Chisoti ndiye analibe masiku atatu. Anayang'ana wotchi, nkumenya tebulo, nkunena kudzera mwa kalaliki kuti zokamba zakwana, tsopano tikweze manja, iye awerenge.

Mukumva? Kuwerenga manja! Ife zimenezo tinali tisanazionepo. Kwathu nkhani imatha pamene wina watopa kapena wachita manyazi, wamkulu nkumanga mawu, onse nkuwomba m'manja. Koma kuti dzanja la mkamwini lifanane ndi dzanja la mwini mbumba, ngati manja ndiwo amaganiza? Ndipo wamng'ono satsogola akulu alipo, amayamba waona kuti akuluwo alowera kuti.

Kalaliki anafunsa funso loyamba: amene akufuna kuti nguluwe iziphedwa paliponse ndi chida chilichonse, akweze dzanja. Dzanja langa linkafuna kuuluka, koma ndinati dikira Dinesi, uone kaye apongozi. Ndinayang'ana kumwamba, nkuona Che Amidu manja onse awiri ali m'mwamba. Mtima unakhala pansi. Ndinakweza anga onse awiri, anzanga a komiti ataona kuti mlenje wakweza nawonso nkukweza, anyani ataona anthu akweza nkugona chagada pamabenchi nkukweza anayianayi, njovu nkukweza chitamba, mvuu nkukweza mwendo nkugubuduka, ndipo nguluwe yomwe, poona kuti yatsala yokha, inachita manyazi nkukweza chiboda. Ndinati basi, ukwati wanga wapulumuka.

Kenaka funso lachiwiri: amene akufuna kuti nguluwe isiyidwe, isakhudzidwe, akweze dzanja. Ndinayamba kutsitsa. Ndili pakati potsitsa ndinayang'ananso kumwamba. Che Amidu manja ali pompo, onse awiri, nkhope ili gwaa, mitsempha ili njoo. Abale anga, inu mukanatani? Munthu amene wagwira ukwati wako m'manja wakweza, pamaso pa mzungu, pamaso pa anthu a ku Chikweo ndi a kwa Nsamala, iwe mkamwini wotsala pang'ono kupirikitsidwa nkutsitsa? Ndinaganiza kuti kapena wamkuluyu, poti ali pamwamba, akuona zimene ine pansi pano sindikuziona, kapena buku lawo limaletsa kupha chinthu chimene sudya, kapena akundiyesa ulemu. Ndinabwezera manja m'mwamba. Anzanga, amene anali atayamba kutsitsa, nkubwezeranso. Anyani nkuonjeza ndi michira. Amene anatsitsa anali mmodzi yekha, nguluwe, chifukwa chiboda chinali chitatopa.

Kalaliki anawerenga kuchokera kumanja, nkuwerenganso kuchokera kumanzere, manja nkuchuluka kuposa anthu ndi nyama zonse za mu Balaka, nkuyambiranso, nkusiya. Bwana Chisoti analemba zonse ziwiri papepala limodzi, nkutseka buku, nkutithokoza, nkunena kuti tisade nkhawa, ife ntchito yathu nkulangiza chabe, ogamula ali kulikulu, ndipo mwina anagamula kale mwezi watha. Ndinamugwira kalaliki malaya pakhomo nkumufunsa kuti tsono ndiiphe kapena ndisaiphe? Anati, "Komiti yagwirizana." Ndinati yagwirizana chiyani? Anati, "Zonse ziwiri, bambo," nkukwera njinga.

Nguluwe itatuluka, Che Amidu anagwa pansi ngati thumba la mchere. Manja anakana kutsika, anayenda nawo choncho mpaka mwezi wa Ramadani. Anandifunsa kuti, "Akamwini, kachiwiri kaja munakwezeranji?" Ndinati ndinaonera inu, Che. Anandiyang'ana, nkuyang'ana mtanda uja, nkutembenuka nkumapita.

Ndinatuluka panja nkupeza nyama zonse zili chiimire, palibe yanyamuka, zonse maso pa ine. Ndinati mlandu watha, kazipitani. A Mateyu ndiwo anandinong'oneza kuti, "A Dinesi, mwaiwala mwambo? Woitana mboni ndiye amazidyetsa. Zayenda ulendo wautali izi, ndipo chiyambire m'mawa sizinalawe kanthu." Ndinathamangira Bwana Chisoti, iye nkunena kuti boma silinaitane nyama iliyonse, woitana ndine. Walira mvula walira matope. Ndinayesa kuzisocheretsa, nkuyenda nazo mokhotakhota, kulowera kumadzulo nkubwerera kum'mawa nkuzungulira chulu chimodzi kasanu, mpaka njira yokha inamangika mfundo imene anthu a msewu anadzaimasula ndi mapiki patapita zaka, koma nguluwe ya dzino lothyoka inatopa nazo, nkundipitirira nkutsogola. Njira ya kumunda kwanga inkaidziwa kuposa ine.

Tinafika mawa lake dzuwa likutentha. Chimanga chili chiriri, chobiriwira, zisononkho ngati mikono ya munthu, chabwino kuposa chaka chilichonse. Njovu inayambira kum'mawa, mvuu kumadzulo, anyani pakati, ntchefu ndi mbawala m'mphepete, nungu nkumatola zogwa. Ine ndinathamangira pachilindo nkusolola mkondo wanga. Ndipo tamverani, nguluwe ija ulendo uno sinaime pamalire iyayi, inalowa ndi miyendo yonse inayi, mpaka pakati penipeni pa munda, pamene ngakhale mesenjala wachitatu akanavomera kuti apa ndi panga, nkuima pafupi ngati apa ndi apo, nthiti zili poyera. Ndinakweza mkondo. Dzanja linakana. Ndinaiitana ndekha ndi pakamwa panga, ndinati odi pakhomo pake, inabwera mwaulemu nkukhala pabwalo. Woitanidwa ku mlandu amabwerera kwawo wamoyo, ndipo mlendo sumulasa ali pa chakudya. Ndinaima choncho, mkondo m'mwamba, osadziwa ngati ndine mlenje, kapena wa komiti, kapena mwini phwando, mpaka munda wonse unangoti psiti. Zitakhuta zinapukuta pakamwa nkubalalika. Nguluwe inasiya chisononkho chimodzi pamapazi anga, monga mlendo wolera bwino asiyira kanthu m'mbale.

Nditatembenuka ndinaona Abiti Juma ataima m'mphepete mwa munda, dengu lili pamutu. Anabwera kudzathyola mondokwa woti andiwotchere pofika. Anaona zonse. Sanalire, sanatukwane, anangotembenuka nkubwerera kumudzi ndi dengu lopanda kanthu.

Ndinamutsatira chapatali. Pofika ndinapeza mphasa yanga ndi bulangeti zitamangidwa ndi luzi zili pakhonde. Che Amidu anangokhala pakhomo pawo, manja m'mwamba. Abiti Juma anatuluka ndi chikho cha madzi, nkugwada monga ankachitira masiku onse, nkundipatsa. Nditamwa anati, "Masiku onse munali ku komiti ndinkalondera ndekha ndi chitini, kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo palibe phesi linagwa. Mwabwera nazo ndinu." Ndinati ndinkafuna lamulo lomveka. Anati, "Mwabwera nalo?" Analandira chikho, nkunena m'Chiyao chawo kuti, "Ajende chenene," ndiye kuti muyende bwino, nkulowa m'nyumba.

Lamulo lake linatuluka ndithu patapita miyezi. Anadzalilengeza amesenjala atatu omwe aja, aliyense zake. Mukandifunsa lero kuti komiti yathu inalangiza chiyani, kapena dzanja langa linathandiza ndani, nguluwe kapena ine, sindikudziwa, ndipo ndikukayika ngati Bwana Chisoti ankadziwa.

Ena mwa inu ndinakuuzanipo kuti kwa Nsamala ndinachokako ndekha chifukwa boma linkandifuna pa ntchito zazikulu. Iyayi. Ndinachoka ndi mphasa pamutu, ndikulira ngati mwana njira yonse mpaka pa Ulongwe. Abiti Juma anadzakwatiwa ndi telala wina woti mbewa ikadutsa amakwera pampando, ndipo nditadutsako kamodzi patapita zaka ndinaona nkhokwe yawo ili yodzaza. Za ng'ona, za bwato, za sitima, tsutsani mmene mungathere, ndilumbira mpaka mawu atandithera. Koma za mkazi ameneyu palibe ananditsutsapo chiyambire, ndipo pa zonse ndakuuzanizi, ndi chokhachi chimene ndikanakonda chikanakhala bodza.